Tsiku Limene Tinatulutsa Sofa ya a Kansala

Fungo la kapinga wongotchetcha kumene, wonyowa ndi mvula yowaza ya mu Epulo, limandibwezera ku Tipton, kudziko la azungu, m'kamsewu kathu kotsetserekera ku ngalande. Ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali namwino pachipatala chachikulu, ndipo tinkachita lendi kanyumba kogundana khoma ndi nyumba ya a Dennis, kansala wa dera lathu.

A Dennis anali munthu wamtali, wowongoka ngati nsungwi, wovala tayi ngakhale pokataya zinyalala. Anayamba ntchito kufakitale ya zitsulo ali mnyamata, kenako n'kutsegula kashopu ka misomali ndi penti. Kwa zaka zoposa makumi awiri anali kansala wa chipani cha riboni ya buluu, chija chosakonda kusintha zinthu. Loweruka lililonse ankakhala muholo ya tchalitchi kumvetsera madandaulo a mapaipi odontha ndi magetsi a mumsewu othima. Ife ankatipatsa moni wa mutu wokha. Timapepala tawo ta kampeni tinkanena kuti alendo achuluka m'dziko, ndipo amayi ankasenderapo mbatata.

Chaka chimenecho ukansala wawo unali lendelende. Kunabwera chipani china cholusa kwambiri pa nkhani ya alendo, ndipo anthu ake ankati a Dennis ndi ofewa. Chisankho chinali kumayambiriro kwa Meyi. Kutatsala masabata atatu, akazi awo, mayi Jean, anamwalira muwodi momwe amayi ankagwira ntchito.

Amayi sanachedwe. Anaimbira foni azimayi a kutchalitchi kwathu ku Smethwick, ndipo masana a tsiku lotsatira anatsika basi asanu ndi awiri, zitenje pamwamba pa majekete, mipango kumutu. Ine ndinkadziwa kuti kuno munthu akaferedwa mumangolowetsa khadi pachitseko. "Mum, they don't do that here," ndinawauza.

"Iwe Tadala, khoma limodzi, munthu waferedwa, ndiye ife titumize pepala? Tanyamula fulasikiyo."

A Dennis anatsegula chitseko alibe tayi, ndevu zosameta. Sanatilowetse, sanatibwezenso. Anangopatuka n'kukwera masitepe pang'onopang'ono. M'nyumba munkanunkhira polishi ndi maluwa ofota, ndipo wotchi yapakhoma inkamveka mpaka kukhitchini. Mayi Chirwa, mtsogoleri wa azimayiwo, anamwaza maso pabalaza n'kupukusa mutu. Kwathu panyumba ya maliro amatulutsa katundu yense kuti okhuza akhale pansi. Choncho ananyamula sofa yamaluwamaluwa, tebulo lagalasi ndi nyale yaitali, n'kuziika pakapinga kutsogolo kwa nyumba. Atatero anakhala pakapeti, miyendo atatambalitsa, n'kuyamba nyimbo za maliro motsitsa mawu. Ine manyazi anandigwira, ndinangofuna kulowa pansi.

Makatani a nyumba za mumsewu anayamba kugwedezeka. Pasanathe ola kunafika apolisi awiri, poti wina anali atawaimbira kuti anthu akuda akutulutsa katundu wa kansala. Pambuyo pawo panali bambo wina wa suti amene ankayendetsa kampeni ya a Dennis. Nyimbo inadukira pakati. Ndinali pafupi ndi masitepe pamene a Dennis anatsika n'kuima pakati pake, ndipo ndinamumva bamboyo akuwanong'oneza kuti angonena kuti anthuwa alowa osaitanidwa, nkhani ithere pomwepo. Apo ayi, mavoti a msewu wonsewo ndi ina yoyandikana nawo apita.

A Dennis anayang'ana azimayi aja. Amayi anali atazyolika, manja ali pamiyendo.

"Awa ndi alendo anga," anauza apolisiwo. "Asiyeni aimbe."

Anatsika masitepe otsalawo n'kukhala pakapeti movutikira, mawondo akulira, pakati pa mayi Chirwa ndi amayi anga. Sankamva liwu ndi limodzi lomwe la nyimbozo. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, kapu ya tiyi wathu wa shuga wambiri ikuzizira m'manja mwawo.

Wina anali atajambula sofa ija ili pakapinga, azimayi a zitenje akuonekera pawindo. Chithunzicho chinayenda m'mabala ndi m'makomo, ndi mawu akuti nyumba ya kansala yasanduka tchalitchi cha anthu a ku Africa. A Dennis anagwa pachisankho ndi mavoti ochepa chabe. M'mawa mwake ndinawaona akuchotsa chikwangwani chawo pawindo, akukanda selotepi ndi chikhadabo. Anthu a riboni aja sindinawaonenso pakhomo pawo. Loweruka a Dennis ankangokhala m'nyumba, ndipo kapinga wawo anakula mpaka m'mawondo. Ndinalira, ndipo ndinatha sabata osalankhula bwino ndi amayi. Mumtima ndinkati munthu uja tamuphera ntchito ndife, chifukwa chosafuna kumva zonena za mwana. Masamba atayamba kuyoyoka, mwana wawo wamwamuna anabwera kudzawatenga, n'kupita nawo kutali kumpoto.

Ndinakula nacho chisoni chimenecho, ndikuganiza kuti chachikulu chimene a Dennis anataya chaka chija chinali ukansala. Ndili wamkulu kale m'pamene amayi anandiuza kuti chisankho chitapita anakagogoda kukapepesa. A Dennis anawadula mawu. Anati pa zaka zonse zimene anathandiza anthu a dera lija, makhadi anabwera odzaza thumba, koma amene anakhala nawo pansi anali azimayi asanu ndi atatu osawadziwa n'komwe maina. Kenako anafunsa, mwamanyazi, ngati azimayiwo angadzabwerenso kudzawaimbira ikadzakwana nthawi yawo. Amayi analonjeza.

A Dennis anamwalira patapita zaka ziwiri, kunyumba yosungirako okalamba. Ife tinamva ataikidwa kale, kwa munthu wobweretsa makalata. Mpaka lero amayi akamakamba nkhaniyi satchula za mavoti. Amangoti, "Munthu uja anapita popanda womuimbira."