Kompyuta Yokalamba ya a Mwetulani

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Msewu wonse umawadziwa kuti a Mwetulani, chifukwa ndiwo mawu amene amauza aliyense wokhala pampando wa m'situdiyo mwawo, ngakhale wodzajambulitsa cha pasipoti chimene sichifuna mano. Situdiyoyo ndi kachipinda kamodzi: nsalu yabuluu kukhoma, kamera pamiyendo yake itatu, pulinta, ndi kompyuta imene inayamba ntchito mwana wawo wamkazi asanakwatiwe.

Koma a Mwetulani anali ndi nkhani imene sankafuna kuti imveke. Maso awo anali atachita chifunga. Mandala analipo, koma anali atasiya kale kuthandiza, moti zilembo za pasikirini zinkangooneka ngati nyerere. Ankaopa kuti ana akadziwa adzawakhazika pakhonde kunyumba, situdiyo n'kusanduka saluni. Ndiye anakhomerera mpando pansi ndi misomali, kamera osaisunthanso, ndipo pakompyuta dzanja ndi limene linkaona. Linkadziwa lokha kuti kutsegula chithunzi n'kumtunda kumanzere, kuwalitsa n'kutsikako pang'ono, kupulinta n'kudina pakona. Makasitomala ankatuluka owala nkhope kuposa mmene analowera, ndipo palibe amene anabwerako kudzadandaula.

Kenako kabokosi kena kanayamba kutulukira pakati pa sikirini m'mawa uliwonse. Iwo ankangokapirikitsa ngati ntchentche, osadziwa chomwe kakunena, mpaka tsiku lina mkamwini wawo, amene amakonza makompyuta, anadutsira pomwepo n'kukawerenga. Anawafotokozera mwaulemu kuti amene anapanga pulogalamu yoyendetsa kompyutayo aisiya, sazidzaitumiziranso zoiteteza. Idzayakabe, inde, koma idzakhala ngati nyumba yopanda loko: mavairasi azidzalowa n'kutuluka mmene afunira. Njira yake, iye anatero, n'kuikamo pulogalamu yatsopano.

A Mwetulani anafunsa ngati m'yatsopanomo zinthu zimakhala pamalo omwewo. Atamva kuti zimasuntha, mtima unawagunda, koma nkhope anaiumitsa.

"Akamwini, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iyi yaphunzitsa akazi anuwo."

Mkamwini sangatsutsane ndi apongozi pakhomo pa ntchito yawo. Anangowalangiza kuti poti zili choncho, asamailumikizenso ku intaneti, ndipo asamalowetsemo fulashi ya munthu wamba.

Malangizowo anawagwira ndi manja awiri, mwinanso anapitirira nawo. Chingwe cha intaneti anachizula n'kukachitsekera m'dirowa. Malo olowetsera fulashi anawamata ndi tepi. Wobwera ndi zithunzi m'foni ankamuimitsa pakhomo, poopa kuti foniyo ipumira kompyuta yawo. Mayi wina atayetsemula ali pampando, a Mwetulani anayamba athamanga kukafunditsa sikirini, kenako n'kumupepesa mayiyo. Vuto n'lakuti masiku ano anthu ambiri amabwera ndi zithunzi zojambula kale, amangofuna kupulinta. Onsewo anayamba kupita kwina, ndipo a Mwetulani ankatha tsiku akupukuta kamera yoyera kale. Akazi awo ankati kompyuta ili bwino ndithu, odwala ndi eni ake.

Mwana wawo wamkazi sanathe kupirira. Loweruka lina anapangana ndi mayi ake kuti atenge bambo kupita nawo ku ukwati wa mnansi, makiyi n'kupatsa mwamuna wake. Mkamwiniyo anasunga zithunzi zonse, n'kuikamo pulogalamu yatsopano, n'kuyesa pulinta. Zonse zinkayenda. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo Lolemba m'mawa analawirira kuti akaone apongozi akusangalala.

A Mwetulani atayatsa kompyuta, mtundu wa sikirini unali wina. Asanafunse n'komwe, namwino wina analowa mothamanga, akufuna chithunzi cha chiphaso cha kuntchito. Kujambula kunayenda bwino, paja mpando sunasunthe. Atakhala pakompyuta, dzanja linapita kumtunda kumanzere monga mwa masiku onse n'kudina. Panalibe kanthu. Linatsikako pang'ono, n'kudinanso, ndipo panatseguka kalendala. Linapita pakona, nyimbo n'kuyamba kulira. Namwino anaseka, koma a Mwetulani thukuta linali kamukamu. Anachita mantha enieni, chifukwa anadziwa kuti mkamwini waima kumbuyo kwawo ndipo akuona zonse.

Ankaonadi. Anaona kuti pamene apongozi akufuna palembedwa poyera pakati pa sikirini, koma dzanja likulambalala, likufufuza m'mbali. Anayang'ana misomali ya pampando, n'kuyang'ananso mmene nkhalambayo yasendezera nkhope pafupi ndi galasi, ndipo anamvetsa. Chisoni chinamugwira, manyazinso, pozindikira kuti wawalanda chinthu chimene ankayendera. Akanatha kukauza mkazi wake madzulo omwewo, nkhani ya saluni n'kuyambika.

M'malo mwake anawerama, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuyamba kudandaula kuti mapulogalamu amakonowa ali ndi vuto limodzi: tizilembo take n'tating'ono kwambiri, iye mwini sationa. Anapempha kuti amulole akuze, poti azibwera kawirikawiri kudzaona mmene kompyutayo ikuyendera, ndipo sangamavutike chonchi. A Mwetulani anamupatsa mausi.

Zilembo zinakula, kamuvi kolozera pasikirini kanakula, ndipo mkamwini anakokera kotsegulira zithunzi kumtunda kumanzere, kopulintira n'kukaika pakona. Namwino analandira chithunzi chake n'kutuluka. M'chipindamo munatsala awiri, aliyense akupewa maso a mnzake.

A Mwetulani anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Milomo yawo inkayenda pang'onopang'ono, ikuwerenga mawu amene dzanja lawo linakhala likudina zaka zonsezi. Ena ankawaona bwino, ena anali adakali m'chifunga. Anakonza kukhosi.

"Mwana wamng'ono ngati inu, maso atha kale? Mkazi wanu akudziwa?"

"Sindinamuuze, bambo. Ndipo sindimuuza."

A Mwetulani anagwedeza mutu, n'kumukankhiranso mausi.

"Kuzaninso pang'ono, akamwini, kuti muziona bwinobwino."