Khoma Lopuma

Nyumba ya ansembe ya parishi yathu inamangidwa ndi agogo athu, nthawi ya azungu a ndevu. Njerwa anaumba pamanja kudambo, n'kuzimanga ndi matope, osati simenti. Makoma ake ndi ochindikala ngati mkono wonse, khonde lozungulira, mizati yanjerwa itasenza denga la mapale. Amene ankaisamalira anali bambo anga, mmisiri womanga. Mvula ikatha ankaviika njereza mumgolo, n'kupaka makoma onse ndi burashi ya khonje.

Ine nditabwerako ku Lilongwe, sukulu ili m'mutu, anandisankha kukhala mlembi wa khonsolo ya parishi. Ndinkadzimva shuga, ndisaname. Pamsonkhano wina ndinati tatopa ndi njereza ya chaka ndi chaka, tipake pulasitala wa simenti basi.

Bambo anga anaimirira, chipewa kumanja. "Khoma limeneli limapuma. Nkhungu ya kuno ku Dedza imalowa, njereza n'kuitulutsa. Simenti itsekera chinyezi m'kati."

"Kodi khoma lili ndi mapapo?" ndinatero ine. "Zimenezo n'za anthu osapita kusukulu."

Anthu anaseka, mpaka wina kuomba m'manja. Bambo anakhala pansi. Kuyambira tsikulo kutchalitchi ankadzera njira ya kumunda wa kabichi, kuti asaione nyumbayo.

Simentiyo tinapakadi. Itadutsa mvula ya zaka zinayi, pulasitala wa mbali ya kuphiri anafufuma, n'kuyamba kugwa zigamba. M'kati mwake njerwa zinali zitasanduka phala. Chipinda chimene ankasungiramo mabuku a ubatizo chinang'ambika kuyambira pazenera mpaka pansi. Bambo mfumu anandituma kuti ndikaitane mmisiri wakale uja.

Ndinawapeza akupalira mbatata. Ndinagwada pamzere pomwepo, ndipo ndinalira ngati mwana. Ndinawauza kuti ndinalakwa, khoma likugwa.

"Dzukani, a mlembi, mudetsa zovala," anatero mofatsa. "Ndamva. Ndibwera mawa."

Anabweradi. Anagumula simenti yonse, nasintha njerwa imodziimodzi kwa miyezi itatu, ndipo nyumbayo ilipo mpaka lero. Koma ine ndinakhalabe "a mlembi", ngakhale kunyumba, ngakhale pamaso pa ana anga. Ankandipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka, ndipo ulemu umenewo unkandiwawa kuposa mbama.

Anamwalira chaka chotsatira. Ndinawadwazika milungu isanu, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, ndikudikira kuti tsiku lina alakwitse anditchule kuti "iwe". Sanalakwitse.