Manambala Osagawika Pamkono Panga

Ndikukumbukira chaka chomwe amalume ananditsekereza m'chigafa chawo ku Nambuma. Ndinali mtsikana wa sitandade 6, ndipo ndinkakhala kwa iwo chimwalirireni amayi. Fodya atakhwima, analamula kuti sukulu iyambe yaima, ine ndizisoka fodya. Kope langa la masamu anali atalimaliza kale, kumang'amba pepala limodzilimodzi n'kumakulungira chingambwe.

Koma Lachisanu aphunzitsi anali atatipatsa ntchito: tipeze manambala osagawika mpaka 200, aja okana kugawidwa ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Wobwera chimanjamanja Lolemba sakalowa nawo mpikisano wa masamu. Mpikisanowo ndinkaulota ndili maso.

Polemba ndinalibe. Ndinasesa kamalo pakati pa milu ya fodya, kosaposa lichero. Manambala onse sakanakwanapo, choncho ogawika ndi 2 sindinawalembe n'komwe. Ndinkalemba kamzere ndi kamtengo, n'kufufuta ogawika ndi 3, 5, 7, 11 ndi 13. Opulumuka ndinkawakopera pamkono ndi khala, kenako kusalaza dothi n'kuyamba mzere wina. Fungo la fodya linkandizunguza mutu, koma utomoni wake unathandiza: makala anamata pakhungu ngati inki.

Lamlungu masana amalume anandipezerera.

"Zimene wadzilembazi n'zaufiti eti? Kasambe msanga!"

"Sindisamba, amalume. Ndimenyeni, koma mawa ndikupita kusukulu."

Anandimenyadi, ndi ndodo yopachikira fodya. Ine ndinangoimika mkono m'mwamba kuti misozi isagwerepo, ndikulira ngati mbuzi koma osapepesa.

Mmawa ndinathawa osasamba, osadya. Aphunzitsi anagwira mkono wanga, akuutembenuza ngati akugula chinangwa pamsika, kalasi yonse ili phwete kuseka.

"Iwe, 91 uyu wakupusitsa. Tachulukitsa 7 ndi 13."

Manyazi anandigwira, koma dzina langa analilemba. Kumpikisanoko sindinapambane. Kuchigafa kokha sindinabwererenso nthawi ya sukulu, ngakhale amalume anandimana chakudya kangapo.

Masiku ano ndimaphunzitsa achinyamata zamakompyuta mumzinda, ndipo manambala omwewo foni imawapeza munthu asanaphethire. Kumudzi nakonso zasintha: kubanja kwathu palibe mtsikana amene amajombetsedwa chifukwa cha fodya, poti amadziwa kuti ndikamva ndikwera minibasi tsiku lomwelo. Amalume anakalamba, ndipo pamaliro paliponse amauza anthu kuti anandiphunzitsa ndi iwowo. Ndimagwada, ndimawapatsa moni waulemu, shuga ndimawagulira. Koma mawu amenewo sindinawavomerepo, ndipo sindidzawavomera.