Kachitini ka Oyilo Kanatsala pa Udzu

A Petros Sakala a ku Kabwata m'Lusaka anadula mitengo ndi nkhwangwa zaka khumi ndi zisanu m'mayadi a ku Woodlands ndi Kabulonga. Koma mu 1974, bwana wawo atagula sowo ya injini, anaipereka kwa Edmond Mwape, munthu wobwera dzulodzuloli kuchokera ku Kitwe.

Zinawawawa a Sakala. M'mawa uliwonse ankanamizira kunola nkhwangwa, diso lili pa Edmond akuthira kachitini kamodzi ka oyilo m'galoni ya petulo, n'kukhutchumula mpaka petuloyo asinthe mtundu. Muyezowo anaudziwa kuposa mwini wake, koma sowoyo sanaigwirepo.

Tsiku lina Edmond, mtima uli pa mayi wochapa zovala m'yadimo, anathira petulo wosasakaniza. A Sakala anakaona kachitini kali pa udzu, kodzaza. M'malo momuchenjeza, anangopitiriza kunola nkhwangwa yawo.

Sowoyo inalira bwino kwa kanthawi, inatentha, injini n'kuuma gwa. Zipangizo zoikonzera sizinapezeke m'Lusaka monse.

M'mawa mwake a Sakala anafika akuimba mluzu, nkhwangwa ziwiri paphewa.

"Shani, ba Edmond?" anamupatsa moni wa kwawo ku Kitwe. "Iyi nakunolelani nekha. Siifuna oyilo."