Kagalimoto Kanga Kukayesedwa ku Balaka

Ndinanyamuka pa Ntaja Loweruka 6 koloko m'mawa nditakwiya kale. Wondikwiyitsa anali mkazi wanga, Abiti Yusufu, amene anandiperekeza mpaka pa mpanda atandinyamulira katoni ya kagalimoto kanga koseweretsa.

"Paja tinagwirizana," anatero akundipatsira. "Akakakukanani kumeneko, kagalimotoka tiwapatsa adzukulu, inu mukhale pansi ngati anzanu."

Anzanga akewo ndi madala aja amaswera pa khonde la golosale, kusewera bawo ndi kuwerenga magalimoto odutsa. Ndinangokhomera ndodo yanga pansi mwamphamvu kuti mkazi wangayo amve.

Ine ndine Jafali. Ndayendetsa galimoto zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, poyamba lole yokoka ngolo, kenako minibasi pa msewu womwewu wa Ntaja ndi Liwonde. Sindinagundepo ngakhale mbuzi. Zaka ziwiri zapitazo sitiroko inandigwira n'kundisiyira mwendo wamanja wolemera ngati thumba la mchenga, ndipo mwendo umenewo ndi wa buleki. A dokotala sanapite m'mbali, anati za chiwongolero ndiiwale.

Kagalimotoko anandigulira ndi mwana wanga Shakira kwa munthu wina wochokera ku Joni. N'kotalika ngati mkono wanga, koyendera batire, mateyala ake a mano. Rimoti yake ili ngati kamfuti: m'mbali muli kachiwongolero, pansi pali kokoka ndi chala. Ukakoka kamathamanga, ukakankha kamamanga buleki. Poyamba ndinaona ngati mwanayo wanditukwana, ndipo kanakhala pamwamba pa kabati mwezi wathunthu. Kenako Shakira anandiuza pa foni kuti ku Balaka kuli kagulu ka anthu akuluakulu, a ndevu zawo, amene amapikisanitsa timagalimoto totere Loweruka lililonse. Wachilendo amamuyesa kaye. Azungulire bwalo kasanu, ndipo galimoto yake ikatoledwa ndi manja katatu, walephera. Akakhoza amamulemba m'buku la madalaivala. Liwu lomalizalo ndi limene linandichititsa kutsitsa katoni pa kabati.

Ndinaphunzira miyezi iwiri, ndipo ndinkadziona wanzeru kwambiri. Poti sindingathe kuthamangira kagalimotoko, ndinapangana ndi mnzanga Che Twaibu wa kabaza. Madzulo aliwonse ankandikweza kumbuyo kwa njinga yake, ine n'kumasuzumira pa phewa pake, kagalimoto kali patsogolo pathu pa njira yafumbi yotsikira kudambo. Ndinafika poti ndinkakadutsitsa pakati pa miyala iwiri osakhudza. Che Twaibu ankati ku Balaka akandithawa.

Pa siteji ndinapeza kondakitala wachilendo, wosandidziwa. Pa siteji imene ine ndinkati ndikangoliza hutala, oitanira onse ankathamanga!

"Agogo, katoniyo iyende kumbuyo."

Kumbuyo kwakeko kunali matumba a mpunga asanu ndi njinga yopanda teyala.

"Iyayi. Muli batire umu. Ikaphwanyika imayaka moto, ndipo madzi sazimitsa msanga."

"Ndiye mulipirira mpando."

"Ndiiika pa miyendo yanga. Kodi miyendo yanganso ndi ya abwana ako?"

Anandilipiritsa K5,000 ya ku Liwonde n'kundilozera mpando wakumapeto, pamwamba pa teyala. Wakutsogolo, umene ndinapempha chifukwa cha mwendo, anapatsa mnyamata wina wa jekete amene ankayankhula pa mafoni awiri.

Tinachoka 7 koloko itadutsa. Dalaivala wake sindimutchula, amayi ake angamve chisoni. Giya ankalowetsa ngati akuthyola nkhuni, phazi silinkachoka pa kilatchi, ndipo bampu iliyonse ankaiona atailumpha kale. Ine kumbuyo ndinkangokukuta mano. Pafupi nane panali mayi wonyamula dengu la matemba, amene anasuzumira chithunzi cha pa katoni.

"Mdzukulu wamwayi ameneyo," anatero.

"Ndi kanga."

"Eee, ndikudziwa ndi kanu, koma mukukapatsa ndani?"

"Mayi, ndati ndi kanga. Ndikukapikisana nako ku Balaka."

Anandiyang'ana imvi, anayang'ana ndodo, kenako anatembenukira mnzake n'kumuuza m'Chiyao kuti ukalamba umabwera mosiyanasiyana. Ankaganiza kuti sindikumva. Ndinamuyankha m'Chiyao chomwecho kuti matemba ake ndi a chaka chatha.

Pa Nsanama tinaima mphindi makumi anayi kudikira anthu amene kunalibe. Ndinagula chinangwa chophika cha K500 pa windo, chowawa kumapeto. Titayamba kutsika mapiri olowera ku Liwonde, ndinamva injini yakhala phee. Dalaivala uja anali atachotsa giya kuti asunge mafuta, minibasi yodzaza anthu ndi mpunga ikungotsetsereka yokha.

"Iwe! Bwezera giya!" ndinakuwa. "Buleki ikatentha uimika ndi chiyani, pemphero?"

"Agogo, inu yendetsani chidole chanucho," kondakitala anayankha, minibasi yonse n'kufa nako kuseka.

Anaseka anthu amene ndinkawapulumutsa.

Pa Liwonde tinafika cha m'ma 9. Ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri m'kanyumba ka pa depoti, katoni ili pakati pa mapazi. Kenako ndinakwera Sienta ya ku Balaka, K3,500, galimoto ya anthu asanu ndi awiri koma tinalowamo khumi ndi mmodzi. Powoloka Shire ena ankaloza mvuu, ine ndinkangoona dzanja la dalaivala limene linkadutsa pa mawondo a munthu wina pofuna giya. Pa Chiyendausiku anatsitsa mmodzi n'kukweza awiri.

Bwalo lake lili kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo thonje, kunja pang'ono kwa tauni ya Balaka. Wanjinga yamoto anandifikitsa 10 koloko ndi theka. Ndinayembekezera zinthu zapamwamba, koma ndinapeza dothi losesedwa bwino, njira yokhotakhota yoikidwa malire ndi mateyala akutha odulidwa pakati, ndi kachulu kosalazidwa pamwamba. Panali anthu asanu ndi anayi, ena akumanga timasikuluwu, ena akutchaja mabatire pa batire ya galimoto yeniyeni. Woyang'anira anali mayi wina wokonza mafoni mumsika, a Felesiya. Ndi munthu woyamba tsiku limenelo amene sanafunse za mdzukulu.

Anatenga kagalimoto kanga, anakatembenuza, anagwedeza teyala lililonse, anafinya batire ndi zala kuona ngati siinatupe, n'kumangitsa lamba wake.

"Kali bwino. Mwakasamala," anatero. "Ndiye kwerani pa chulupo, bambo. Woyendetsa amaima pamenepo ndipo sasuntha mpaka atamaliza."

"Osasuntha?"

"Osasuntha. Mukufuna muzikathamangira?"

Ndinakwera movutika, wina atandigwira pa chigongono. Ndodo ndinaitsamiritsa pa ntchafu chifukwa rimoti imafuna manja onse awiri.

Chiyambi chinali chokoma. Kagalimoto kananyamuka pansi pa chulu kulowera kutali, ndipo ndinakadutsitsa pa makona awiri oyamba mosalala, mpaka ndinamva wina akuti, "Madalawa si masewera." Kumapeto kwa bwalo njira imakhota n'kubwerera. Kagalimoto kanatembenuka, kanandiyang'ana, ndipo misala inayambira pomwepo. Kona inali kudzanja langa lamanzere. Ndinapotoza kumanzere. Iko kanalowera kumanja, kanagunda teyala n'kugona chagada, mawilo akuzungulira m'mwamba.

"Kamodzi!" anakuwa wotola, bambo wina wamimba wovala malaya a mpira, akukatembenuza.

Ndinati rimoti yasokonekera m'minibasi muja, ndipo mumtima ndinamutukwana kondakitala ndi mtundu wake wonse. Ndinakoka chala. Kanabwera pang'ono, kanapendekera ku malire, ine n'kuwongola. M'malo mowongoka kanakhotera komweko, kanalumpha teyala n'kukalowa m'tchire la chisoso.

"Kawiri! Madala, kasiyireni adzukulu aka, kasanathyoke!"

Mawu a mkazi wanga enieni, m'kamwa mwa munthu wosandidziwa. Ndinafuna kuponya rimotiyo pa mimba yakeyo, ndipo ndikanakhala ndi miyendo iwiri yabwino, mwina lero ndikanakhala ndikulemba nkhani ina.

A Felesiya anakweza dzanja kuti wotolayo adikire, n'kukwera pa chulu.

"Bambo, kunyumba mumaima pati poyendetsa?"

Ndinawafotokozera za Che Twaibu ndi kabaza yake. Sindinadziwe kuti ndikuyankhula mokweza. Bwalo lonse linagwa nako kuseka, wina mpaka anakhala pansi m'fumbi atagwira nthiti. A Felesiya anadziluma mlomo kuti asaseke.

"Ndiye miyezi iwiri yonseyi mwakhala mukuona msana wake wokha," anatero. "Rimoti ilibe vuto. Kakamachoka, kumanzere kwake ndi kumanzere kwanu. Kakakuyang'anani, zimasinthana. Aliyense pano anagwa nazo, ngakhale uyo akusekayo. Mwatsala ndi mwayi umodzi. Mupume kaye?"

Sindinafune kupuma, ndinafuna munthu womukalipira. Ndinayamba ndi Che Twaibu, amene anandipalasa miyezi iwiri osaganiza ngakhale tsiku limodzi kuti tiime kutsogolo. Koma iye ndi wa kabaza, angadziwe chiyani? Wopusa ndinali ine. Zaka zonse zija ndinkakhala m'kati mwa galimoto, mphuno yanga ndi mphuno yake zikuloza kumodzi. Ndinabwera ku Balaka kudzaonetsa anthu udalaivala, osadziwa kuti mpando umene ndinkaudalirawo kuno kulibe.

Ndili chiimire, ndinakumbukira lole. Ndili mnyamata, pa siteshoni ya njanji ku Nkaya, ndinkaphunzira kubweza ngolo m'mbuyo kuti ifike pa khomo la bogi ya sitima. Ngolo imakana nzeru za mutu. Ukafuna ipite kumanzere, chiwongolero umayamba wapotozera kumanja, ndipo pang'ono pokha. Amene ankandiphunzitsa ankandimenya kapu pa khosi ndikalakwitsa, mpaka manja anaphunzira okha.

"Kabwezereni pa njira," ndinatero.

Ndinakoka chala pang'onong'ono. Kakamachoka ndinkati ndi minibasi. Kakatembenuka kundiyang'ana ndinkati ndi ngolo ya ku Nkaya, ndipo ndinkayankhula nako mokweza ngati kale: "Bwera, bwera, pang'ono, gwira pomwepo." Liwiro lake munthu woyenda pansi akanakapitirira. Wamimba uja anafunsa ngati abweretse mpando ndi chakudya chamasana. Sindinamuyang'ane. Kuzungulira koyamba kunatha, kwachiwiri, kwachitatu. Pa kachinayi kuseka kunali kutatha, ndinkangomva kulira kwa kainjini ndi kupuma kwanga.

Pa kachisanu mtima unandinyenga, ndinawonjezera moto. Pa kona ya chisoso ija kanabwera mothamanga, mawilo awiri anadzuka m'mwamba. Ndinakankha chala, thupi lonse linauma. Kanaterereka, kanakhudza teyala ndi m'mbali, kanaima kanthawi ngati kakuganiza, n'kugwera pa mawilo ake onse anayi. Ndinakafikitsa pa mzere pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira.

A Felesiya anatsegula buku. "Dzina?"

"Jafali. Wa ku Ntaja."

Anthu anaomba m'manja, wamimba uja ndiye mokweza kuposa onse, zimene zinandikwiyitsanso. Pofuna kutsika pa chulu ndinalephera kusuntha. Ndinayang'ana pansi. Phazi langa lamanja linali litalowa m'dothi, litakumba kadzenje kooneka bwino, ndipo lamba wa nkhwayira yanga anali ataduka. Mwendo umene kwa zaka ziwiri ndimachita kuunyamula ndi manja pokwera sitepe ya mzikiti unali ukuponda buleki pa kona iliyonse, ine osadziwa. Sindikunena kuti unachira, iyayi, potsika anandigwira anthu awiri. Koma ndinaima pamenepo ndikuyang'ana kadzenjeko mpaka maso anachita chifunga, ndipo ndinanamizira fumbi.

Masana panali mpikisano weniweni. Tinalipo asanu ndi mmodzi ndipo ndinamaliza wachisanu ndi chimodzi, wopambana atandidutsa katatu. Lamulo lawo ndi lakuti ukamaliza kuyendetsa umakatolera anzako, koma ine anandipatsa mpando ndi wotchi kuti ndiziwerenga nthawi. Ndinadya tchipisi ya K2,000 ndi wamimba uja, amene anandionetsa mmene amatsukira fumbi m'magiya ndi mswachi wakutha. Dzina lake ndi a Bonifasi, ndipo sindinawakhululukirebe.

Pobwerera madalaivala anali oipa chimodzimodzi, ndipo ndinawakalipira onse awiri. Koma kuchokera pa Liwonde mpaka pa Nsanama ndinkaganiza za kabaza ija. Ndinataya miyezi iwiri ndikuthamangira kumbuyo kwa chinthu kuti ndizimva ngati ndidakali m'kati mwake. M'katimo sindidzabwereramo, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Kuyendetsa kokha ndi kumene sikunandichoke.

Ndinafika pa Ntaja 5 koloko, nkhwayira imodzi ili kuphazi, ina m'manja. Abiti Yusufu anali pa mpanda pomwe ndinamusiya, ngati sanachokepo.

"Akukanani?"

Ndinamupatsira nkhwayira yoduka ija. "Ukandisoketsere iyi. Loweruka ndili pa ntchito."

Anaitembenuza, anaona lamba, anaona dothi lofiira limene linamatirira kutsogolo kwake. Kenako anayang'ana phazi limene linali lopanda kanthu, ndipo anakhala akuliyang'ana nthawi yaitali.

"Yakumanja," anatero motsitsa mawu.

Anandilanda katoni, analowa nayo m'nyumba, ndipo ndinamumva akuthamangitsa adzukulu kuti asayerekeze kuigwira.