Beseni la Msuweni Wanga

Nditamaliza sukulu kumudzi, azakhali anandiitanitsa ku Chawama, komboni ya mu tauni, kuti ndizikhala ndi mwana wawo wamkazi. Msuweni wangayu anali wamkulu kwa ine, koma mutu wake unkagwira zinthu pang'onopang'ono. Ukamufunsa kanthu, ankayamba wayang'ana pansi nthawi yaitali asanayankhe. Azakhali anandipatsa ntchito imodzi, kuonetsetsa kuti anthu asamamuseke.

Kumudzi anatiphunzitsa kuti wamkulu akafunsa sitimudikiritsa. Choncho ndinkamuyankhira paliponse, pampopi, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi kondakitala akafunsa kotsikira. Akangokhala chete, thupi linkandiyabwa. Ndinkaona ngati komboni yonse yaima n'kumatiyang'ana.

Mwana wa aneba atatsala pang'ono kukwatiwa, azimayi anasonkhana pabwalo kukonza chilanga mulilo, mwambo wosenza zakudya kupita nazo kwa mkamwini. Msuweni sankakamba china sabata yonseyo. Ankayeserera kuyenda ndi beseni pamutu kuseri kwa nyumba. Mayi wotsogolera ankafunsa mmodzimmodzi, ndipo atafika pa iye anamufunsa ngati asenza nawo.

Ndinagwada msanga, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti sangathe, atsala nane kunyumba. M'maso mwanga ndinali nditaona kale beseni litagwa pamsewu, ng'oma zitaleka.

"Ba mami afunsa ine," anatero msuweni. "Osati iwe."

Sanakweze mawu. Kenako anakhala chete wake uja. Ndinakanda bondo, ndinamanganso chitenje, ndinayang'ana kugeti. Mayi wina anadandaula kuti nthawi ikutha, koma wotsogolera anamuyankha kuti mkamwini wanjala sathawa. Azimayi anaseka. Msuweni sanaseke.

Pamapeto pake ananena, mawu amodziamodzi, kuti amasenza chigubu cha madzi m'mawa uliwonse ndipo sanachigwetsepo. Anati za msuzi sakuzifuna chifukwa zimatayika, akufuna mbatata. Wotsogolera anayang'ana azakhali. Azakhali anayang'ana ine. Mawu anali atafika kale pakhosi, koma ndinaluma mlomo n'kuwerenga nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi langa.

"Mbatata ni zake," anatero wotsogolera. "Nanga iwe loya wake, uzanyamula chani?"

Anandipatsa ndowa ya chakumwa cha munkoyo, malo anga kumapeto kwa mzere. Koma titangonyamuka ndinazemba n'kukayenda pambali pa msuweni, dzanja limodzi lili m'mwamba pafupi ndi beseni. Pamsewu panali matope ndi miyala, ana akuthamanga pakati pathu. Osatembenuza khosi, msuweni anandiuza kuti ndikumutchinga, ndibwerere pamalo anga.

Ndinabwerera. Kumbuyoko sindinkamuona, ndinkangoona mitolo yokulungidwa m'zitenje ikuyenda pamwamba pa mitu. Ndinanyang'ama kuti ndimuone, munkoyo n'kunditayikira paphewa. Titakhota pamsika sindinathenso kudziwa mtolo wake kuti ndi uti.