Makope a Mvula a Bambo Macdonald

"Ayi, Falesi, bwerera m'mbuyo tsiku limodzi. Madzi amene wapeza m'geji m'mawa ndi mvula ya dzulo. Ukailemba pa lero wanamiza dziko."

"Ndamva, agogo."

"Sunamve. Kwanu ku Joniko mvula mumaionera pa foni."

Tidali pakhonde pawo, m'munsi mwa phiri la Dedza, mwezi wa Juni. Chifunga chidali chitatsika mpaka m'mitengo ya paini ya kuseri. Iwo adafungata kope lasukulu pafupi ndi mphuno, ine laputopu pamiyendo, zala zitauma ndi kuzizira. Si agogo anga enieni a Macdonald, ndipo ku Joni sindidakhaleko. Ndidakhala ku Cape Town zaka zisanu ndi chimodzi, koma kwa iwo dziko lonselo ndi Joni.

Adabadwira kufupi ndi Mphunzi, sukulu adalekezera sitandade 7. Mu 1989 adalowa ntchito yaulonda m'nkhalango ya paphiri, ndipo kapitawo wina adawapatsa kantchito kapadera kamene anzawo adakakana: kuwerenga geji. Geji ndi chitini chachitsulo chokhala ndi botolo m'kati. Mvula ikagwa madzi amalowa m'botolomo, iwe n'kuwathira m'kagalasi ka mizere, n'kulemba mamilimita. Eyiti koloko m'mawa, tsiku lililonse. Atapuma pantchito mu 2011 gejiyo idali itachita dzimbiri, akufuna kuitaya. Iwo adaitola, adaizika kuseri kwa nyumba yawo, adapitiriza. Padalibe wowatuma, padalibenso wodzafunsa manambalawo. Kope limodzi chaka chimodzi. Pamene ndimawapeza adali makope makumi atatu ndi asanu, m'thiranki pansi pa bedi.

Ine ndidabwerera kumudzi mapepala okhalira kunja atatha, mtima utatsala uko. Dedza ndinkamuona ngati basi yodikira kudzaza. Ndidapeza ganyu kukabungwe kena kothandiza alimi a kachewere kudziwa nthawi yobzala ndi yopopera mankhwala a chiwawu. Bungwelo lidali ndi timakina tisanu tapamitengo totumiza muyeso wa mvula ola lililonse, ndipo ntchito yanga idali yosunga manambalawo.

Tinkawasunga m'nkhokwe ya pa intaneti, pa makompyuta obwereka a kampani ina ya kunja, zomwe anthu a ntchito yathu amati kilaudi. Nkhokwe yamtunduwu imadziwa zinthu ziwiri basi: nthawi, ndi nambala ya nthawiyo. Poyankhula nayo sulemba zonse wekha. Pali laibulale, mtolo wa malamulo amene ena adalemba kale. Iwe umangoiitana m'pulogalamu yako, iyo n'kutsegula khomo, kukonza tebulo la manambala, n'kumatumiza mizere zana limodzi ulendo umodzi. Pokonza tebulo imafunsa funso limodzi: manambala asungidwe masiku angati? Ndidalemba 365, poti timakina tathu tinkafunika chaka chimodzi chokha. Ndidalemba mu Januwale, n'kuiwala.

Nditamva za nkhalamba ya geji ndidathamanga. Zaka makumi atatu ndi zisanu za mvula ya malo amodzi! Kunja anthu amalembera madigiri zinthu zotere. Ndinene zoona, ndinkaonanso kalata yanga yofunsira ntchito ikunenepa.

Tidagwira masabata asanu ndi limodzi, masana onse. Maso awo adayamba kuchita ng'ala, koma manambala ambiri ankawatchula asanayang'ane. Ine ndinkalemba molunjika m'kapulogalamu kanga, iko n'kumatumiza. Mizere ikakwana zana, pagalasi pankatuluka mawu akuti "zapita". Mawuwo ndidawaika ndine.

M'mphepete mwa masamba mudali timawu tina ta pensulo. "Matalala aononga kachewere kwa a Kettie." "Moto paphiri." "Mlatho wakokoloka."

"Izi uzilemba pati?" adandifunsa.

"Malo ake palibe, agogo. Tebulo limalandira tsiku ndi nambala."

"Tebulo lopanda makutu," adatero, n'kutembenuza tsamba.

Titafika pa Febuluwale 2002, chaka cha njala, adaimitsa chala pamzere umodzi. Kenako adawerenga: "Pa 17, mamilimita folote wanu. Yohana wamwalira." Adali mwana wawo woyamba, wa zaka khumi ndi zitatu. M'mawa mwa tsiku loika maliro adadzuka pakati pa anthu, adakwera phiri kukawerenga geji, n'kubwerera nsapato zili matope okhaokha.

"Achibale sadandikhululukire. Zaka zina mvula itadula, ankati ndine ndaitsekera m'botolo. Ena adabwera ndi miyala mpaka pampanda apo."

"Nanga mudapitiranji tsiku la malirolo?"

"Mzere ukadakhala wopanda kanthu."

A Dorika, akazi awo, ankakazinga mtedza pambaula cha kumapeto kwa khonde. Amagulitsa pa siteji ya minibasi. Sadacheuke n'komwe. Adangoti, "Mwana m'bokosi, bambo ake ali ndi botolo," n'kupitiriza kutakasa.

Tsiku lomaliza a Macdonald adatseka kope la chaka chimenecho, adalisisita.

"Ndiye zalowa zonse?"

"Zonse."

"Sizingatayike?"

"Ngakhale nyumba ino itapsa, agogo. Ngakhale Dedza yense atamira."

"Mwamva, amake Yohana?"

"Ndamva," adayankha a Dorika. "Ndiye thirankilo mundipatse, zitenje zanga zatha ndi mbewa. Mapepalawo ndione nawo chochita."

Ndidamva ndi makutu angawa. Ndidaseka, ndidatsanzika, ndipo m'mawa mwake ndidakwera minibasi ya ku Lilongwe kukalondola pasipoti. Ndidakhalako masabata atatu, kugona kwa mnzanga, kuima pamizere, kuwerenga zotsatsa ntchito za maiko a eni.

Nditabwerera, abwana athu adapempha chithunzi cha mvula ya zaka zonsezo kuti akaonetse kumsonkhano. Ndidalemba funso, ndidatumiza kunkhokwe ija. Idabwera mizere mazana atatu ndi ingapo. Ndidaganiza kuti ndalakwitsa funso. Ndidalembanso, kachiwiri, kachitatu. Chaka chimodzi chosakwanira, basi.

Ndipamene ndidatsegula pulogalamu yanga n'kuiwerenga ngati yolemba munthu wina. Tebulo la masiku 365 sililandira nambala yakale kuposa pamenepo, limaikana pakhomo. Laibulale ija inkandiuza ulendo uliwonse, inkabweza mndandanda wa mizere yokanidwa. Koma kale mu Januwale, netiweki ikuvuta, madandaulo ake ankanditopetsa, ndiye ndidalemba mzere umodzi wouza pulogalamu kuti ikamva dandaulo lililonse izingopitirira. Pansi pake ndi pomwe padali "zapita". Masabata asanu ndi limodzi nkhalamba ikuwerenga mokweza, makina akukana, ine ndikugwedeza mutu. Pa laputopu sindidasungepo kanthu. Ndikadasungiranji, zonse zili ku kilaudi?

Ndidasintha 365 uja kukhala zaka zana. Tebulo lidavomera mosavuta. Lidangokhala lalikulu, lopanda kanthu.

Ndidapita kwawo tsiku lomwelo, ndikudziuza kuti tingoyambiranso. Ndidawapeza akuwothera dzuwa atafunda jekete la ulonda lija, lothothoka m'khosi.

"Wa ku Joni! Pasipoti yatuluka?"

"Sinatuluke. Agogo, makope aja ali kuti?"

"Funsa amake Yohana. Ena adayatsira mbaula, kudazizira mwezi wathawu. Ena akukulungira mtedza." Adaseka, mano awiri otsalawo poyera. "Ukudziwa, Falesi, zaka zonsezi sindinkapita kutali. Ukwati wa mlongo wanga ku Ntcheu sindidagoneko. Ndinkaopa moto, ndinkaopa chiswe, ndinkaopa kuti ndikafa adzangotaya kudzala. Pano ndikugona ngati khanda. Maso akafuna kutseka atseke."

Ndidayang'ana pansi.

"Tandionetsa 2002 pamakina akopo. Ndione mmene akuonekera."

"Netiweki yavuta lero, agogo."

"Imatero. Udzandionetsa."

Ndidatsikira kumsewu mothamanga ngati wakuba. Pa siteji makondakitala ankakuwa za Lilongwe ndi Ntcheu, amayi a kachewere ataunjika zidebe m'mbali mwa msewu. A Dorika adakhala pamalo pawo, pafupi ndi sitolo ya a Yusufu, lichero pamiyendo. Mtedza udali m'timapepala topinda ngati nyanga. Ndidagwada n'kuyamba kutitembenuza kamodzikamodzi. Nyuzipepala. Nyuzipepala. Pepala la mayeso a sitandade 5.

"Ukusankha ngati ukugula ng'ombe," adatero. "Mtedza ndi umodzi womwewo."

"Amayi, makope aja atsala angati?"

Minibasi ina idanyamuka, fumbi lidatikuta.

"Zatayika, eti?"

Ndidavomera ndi mutu.

"Zonse?"

"Kwatsala chaka chimodzi."

Sadakalipe. Bola akadakalipa. Adafufuza pansi pa lichero n'kutulutsa kanyanga kamodzi ka pepala la mizere yabuluu.

"Kotsala ndi aka. Ena adapita ku Lilongwe, ena ku Blantyre, m'matumba mwa anthu. Ine ndidafunsa, mwanawe. Pamaso pako ndidafunsa."

"Mudafunsa."

"Makopewo ndinkadana nawo, sindibisa. Koma sindikadayatsira moto moyo wa munthu ndikadadziwa."

Adamasula mfundo ya pakona ya chitenje pomwe amasungira ndalama. Mudali kapepala kopindapinda, kofewa ngati nsalu. Sadakatambasule konse, adangondionetsa m'mphepete, pomwe padali pensulo.

"Kuwerenga sindidziwa bwino, koma dzina la mwana wanga ndimalidziwa. Ili ndidang'amba ndisanayambe. Usalipemphe."

"Sindipempha."

Adamanganso mfundo ija, kawiri.

"Uwauza liti?"

"Mwina ndisawauze. Akugona bwino, amayi. Anena okha."

"Akugona pa bodza lako. Ndiye iwe pasipoti ikatuluka uzipita, ine nditsale ndikuwayang'ana m'maso tsiku ndi tsiku? Ayi. Mawa eyiti koloko akhala kuseri ndi botolo lawo, mvula kulibe koma akhala komweko. Ubwere uwauze wekha. Ine ndikhala pakhonde."

Ndidatulutsa ndalama. Adailandira osayang'ana, monga achitira ndi aliyense, n'kundipatsa kanyanga kaja.

Sindidadye. Ndidayenda nako m'manja kudutsa msika, kudutsa chipatala, mpaka kuchipinda chimene ndimachita lendi. Mtedza ndidaukhuthulira m'mbale, pepala ndidaliwongola patebulo n'kulitsindika ndi laputopu. Mafuta adali atalowerera pakati, koma zolemba zinkaoneka. Sepitembala 1997, theka la mwezi. Mizere khumi ndi isanu, ziro pamwamba mpaka pansi, aliyense wozungulira bwino, wolembedwa eyiti koloko m'mawa.